Kodi nyimbo zovinazi mwini wake ndani?

Ndili ndi mafunso, ndipo ndaona kuti ndiwaike pagulu, pajatu akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine si woimba. Ndine womvera chabe, mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene nyimbo ikagunda paukwati amangopezeka ali chilili osadziwa kuti pampando adzukapo nthawi yanji. Mafunso angawa ndi okhudza nyimbo zovina zochokera ku Ulaya, zimene eni ake amazitcha Europop ndi Eurodance: nyimbo za Boney M, ABBA, Modern Talking, Dr. Alban, Ace of Base ndi anzawo. Tidakula nazo, tidazivina, ena adapezerapo mabanja. Koma ndikamawerenga mbiri yake, mutu umandiima.

Loyamba ndi lophweka. Kodi a Boney M kwawo nkuti? Mwezi wa December ukangoyamba, nyimbo zawo za Khirisimasi zimalira m'masitolo, m'maminibasi ndi pa wailesi, kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje. Pachikuto cha chimbale pali anthu anayi akuda ngati ife tomwe, amayi atatu ndi bambo mmodzi. Liz Mitchell ndi Marcia Barrett adabadwira ku Jamaica, Maizie Williams pa chilumba cha Montserrat, Bobby Farrell ku Aruba. Komatu olemba mbiri ya nyimbo amati gululi ndi la ku Germany. Zimatheka bwanji gulu lopanda Mjeremani ndi mmodzi yemwe kukhala la ku Germany?

Yankho lake ndi munthu wachisanu amene pachikutopo sapezeka. Dzina lake Frank Farian, wobadwa mu 1941, amene adaphunzira ntchito yophika asanalowe m'zoimbaimba. Mu 1975 adatulutsa nyimbo ya "Baby Do You Wanna Bump" ataiimba yekha, mawu a besi ndi ang'ono omwe, nkulemba pachimbale dzina lakuti Boney M pomwe gulu lotero kudalibe. Nyimboyo itayamba kuyenda malonda ku Netherlands ndi ku Belgium, a wailesi za kanema adati tikufuna tiwaone oimbawo. Apo mpamene Farian adayamba kusaka anthu oti aziimirira pansanja. Ndiye kuti nyimbo ndiyo idatsogola, oimba nkubwera pambuyo. Kodi zimayenda choncho? Ine ndimadziwa kuti anthu amayamba akumana kaye, nkudziwana, nkugwirizana mawu, kenako nkupeka nyimbo. Uyu adayambira kumapeto, ndipo zidamuyendera.

Chimene chimandizunguza kwambiri ndi nkhani ya Bobby Farrell. Mawu a besi aja amene timawamva mu "Daddy Cool" ya 1976 ndi mu "Rasputin" ya 1978 si ake. Ndi a Farian. Farrell anali katswiri wovina, ndipo pamaso pa anthu ankaimba ndithu, koma m'zimbale zimene zidatchukitsa gululi mawu aamuna anali a mwini situdiyo. Mawu a Maizie Williams nawonso sankajambulidwa. Tsono taganizani za ife kuno. Wailesi ya kanema idafika ku Malawi mu 1999. Zaka zonse zam'mbuyomo ambiri a ife tinkangomvera pa MBC ndi pa makaseti. Kuvina kwa Farrell, kumene kudali mphatso yake yeniyeni, sitinkakuona. Tinkamva mawu a Mjeremani uku tikuyang'ana chithunzi cha munthu wa ku Aruba. Nanga amene tinkamukondayo anali ndani mwa awiriwa?

Ndimadzifunsanso chimene Farian ankabisalira. Sikuti anali wamanyazi, chifukwa mu 1976 momwemo nyimbo yake ya m'Chijeremani, "Rocky", idafika pa nambala wani kwawoko, iye mwini akuonekera. Ine ndimaganiza kuti ankadziwa maganizo a ogula: nyimbo ya kagundidwe ka anthu akuda, ogula amafuna aone nkhope yakuda. Ngati zili choncho, kodi kudali kulemekeza nyimbo za anthu akuda kapena kudali kugulitsa khungu lawo? Sindifuna kuthamangira kumuweruza. Mawu a Liz Mitchell, amene amanyamula nyimbo zambiri za gululi, ndi akeake, ndipo popanda Farian mwina sitikadawamva. Mu December 1978 anthu anayiwa adakaimba ku Moscow, nthawi imene Soviet Union sinkalola wamba oimba akumadzulo, ngakhale adawaletsa kuimba "Rasputin". Ana a pazilumba zazing'ono adafika kumene oimba otchuka ambiri a ku America sadapondeko. Chimenechi nchabwino ndithu. Koma funso langa silikuchoka.

Funso lina ndi la kagundidwe. Nyimbo zonsezi, kaya za 1977 kaya za 1995, zili ndi chinthu chimodzi chofanana: ng'oma yaikulu imagunda mosalekeza, kanayikanayi, mosasinthasintha, ngati musi wa mayi amene watsimikiza kuti sapuma mpaka mphale itayera. Magule athu sali choncho. Ng'oma za chimtali, manganje kapena gule wamkulu zimayankhulana, ina kufunsa ina kuyankha, ndipo wovina ayenera kudziwa imene akuitsatira. Iyi ndiye sifuna kuphunzira. Mwana wa zaka zitatu ndi agogo ake amaimva chimodzimodzi. Kodi adaiyambitsa ndani? Ndikamafufuza, mayina oyamba kukumana nawo si a ku Ulaya ayi. Ndi Earl Young, munthu wakuda woimba ng'oma mumzinda wa Philadelphia, amene ambiri amati ndiye adakhazikitsa kagundidwe ka disiko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndi nyumba zovinira za ku New York, kumene anthu akuda ndi ochokera ku Latin America ankachezera usiku wonse.

Nanga a ku Ulaya adaonjezerapo chiyani? Apa nkhani ikutitengera ku Munich, m'chipinda chapansi cha nyumba ina yosanja, mmene mudali situdiyo ya Musicland. Mwini wake, Giorgio Moroder, adabadwira kumapiri a kumpoto kwa Italy mu 1940. Ku Munich adakumana ndi Donna Summer, mtsikana wa ku Boston amene adayambira kuimba m'tchalitchi nadzafika ku Germany mu 1968 kudzachita nawo sewero loimba la Hair, sewero lomwe lidabweretsanso Liz Mitchell m'dzikomo. Mu 1977 awiriwa pamodzi ndi Mngelezi Pete Bellotte adatulutsa "I Feel Love". Disiko ya ku America inkafuna chigulu cha anthu: a mavayolini, a malipenga, a magitala. M'nyimbo iyi pafupifupi zing'wenyeng'wenye zonse zidachokera m'makina amodzi otchedwa Moog, amene amapanga mawu ndi magetsi. Chokhacho chimene makinawo adalephera kutulutsa bwino ndi ng'oma yaikulu ija, mpaka adaitana munthu, Keith Forsey, kuti aziiponda ndi phazi. Patangopita zaka zochepa kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa makina a ng'oma, TR-808 mu 1980 ndi TR-909 mu 1983, ndipo phazi la munthu lidayamba kusowa ntchito. Tsono ndithandizeni: nyimbo yopekedwa ndi Mtaliyana, Mngelezi ndi mtsikana wa ku America, pa makina a ku America, mumzinda wa ku Germany, ndi ya dziko liti?

Ndipo nchifukwa chiyani zambirizi zidachitikira ku Germany? Chimodzi chimene ndimachimvetsa ndi asilikali. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali a America adatsalira ku West Germany, ndipo kwa zaka zambiri ankaposa 200,000. Pakati pawo padali akuda ochuluka ndithu. Adali ndi wailesi yawoyawo, AFN, imene inkaulutsa nyimbo za soul ndi rock, ndipo ana a Chijeremani ankaitchera khutu. Kunyumba makolo awo ankamvera schlager, nyimbo zachikondi zofewa, zosavuta kuloweza. Ku Italy kudali mpikisano wa Sanremo kuyambira 1951, ndipo mu 1956 mayiko asanu ndi awiri adakumana ku Lugano m'dziko la Switzerland kuyambitsa mpikisano wa Eurovision, umene umafuna nyimbo yaifupi yoti munthu wosamva chilankhulo chako aikonde pongoimva kamodzi. Mwana wokulira pakati pa zinthu ziwirizi, kolasi yosavuta ya makolo ake ndi ng'oma ya msilikali, akadzalowa m'situdiyo adzapanga chiyani ngati si Europop? Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma pamenepa mlendo ndi uti, msilikali wakuda amene adafika ndi zimbale zake, kapena Mjeremani amene adalowa m'nyimbo za eni ake nkuzisula mwanjira yake?

Kenako pali nkhani ya chilankhulo. Nchifukwa chiyani anthu a ku Sweden, Germany, Italy ndi Netherlands ankaimba m'Chingerezi pomwe ali ndi zilankhulo zawo zolembedwa bwinobwino? Tengani ABBA. Benny Andersson, Björn Ulvaeus, Agnetha Fältskog ndi Anni-Frid Lyngstad onse anali odziwika kale kwawo. Nyimbo ya "Waterloo" pampikisano wa m'dziko mwawo adaiimba m'Chiswidishi. Atapita ku Brighton pa 6 April 1974 kukapikisana pa Eurovision adaiimba m'Chingerezi, napambana. Mwayi wawo udali wakuti lamulo lokakamiza dziko lililonse kuimba m'chilankhulo chake lidali litachotsedwa mu 1973; lidabwereranso mu 1977 mpaka 1999. Nthawi imeneyo Sweden inali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni okha. Ngakhale aliyense atagula chimbale, malonda ake sangafanane ndi a Britain ndi America. Mkulu woyendetsa gululi, Stig Anderson, ankazidziwa zimenezi. Ataona kuti ku Latin America nakonso kuli ogula, mu 1980 adatulutsa chimbale chathunthu m'Chisipanishi.

Pamenepa mtima wanga umagawikana. Chingerezi cha nyimbozi chidali chosavuta chifukwa olembawo nawonso adachita kuchiphunzira kusukulu monga ife. Mawu ochepa, obwerezabwereza, otchulidwa momveka. Nchifukwa chake munthu amene adalekezera Sitandade 5 ankatha kuimba nawo kolasi ya ABBA kapena ya Modern Talking, pomwe nyimbo zina za eni Chingerezi ngakhale aphunzitsi zinkawapita. Anthu a ku Poland, India, Brazil ndi Zambia adakumana m'nyimbo imodzi chifukwa cha Chingerezi chobwerekachi, ndipo zimenezi zimandisangalatsa. Koma kodi mtundu waung'ono uyenera kusiya kaye chilankhulo chake pakhomo kuti dziko liumvere? Ngati Aswidishi, ndi chuma chawo chonse, adaona kuti sangachitire mwina, nanga mnyamata wa ku Dedza woimba m'Chichewa tizimuuza chiyani?

Pa 12 July 1979 kudachitika zodabwitsa ku Chicago. Pabwalo la masewera la Comiskey Park, muulutsi wina wa pa wailesi, Steve Dahl, adaphulitsa bokosi lodzaza zimbale za disiko, khamu la achinyamata nkukhamukira m'bwalomo mpaka masewera achiwiri a tsikulo adalephereka. Posakhalitsa mawailesi ambiri a ku America adaitaya disiko. Chifukwa chiyani anthu angadane ndi nyimbo yovina mpaka kuiphulitsa? Ena amati adangotopa nayo, ena amati chidani chenicheni chidali pa anthu amene ankaivinawo. Ku Ulaya kudalibe zotere. Anyamata a ku Italy adapitiriza kupanga disiko ndi makina otsika mtengo m'timasitudiyo tating'ono. Zimbale zawozo zidawoloka nyanja nkukafika m'manja mwa ma DJ akuda a mu Chicago momwemo, anthu ngati Frankie Knuckles wa ku nyumba yovinira ya Warehouse ndi anzake a pa wailesi ya WBMX. Iwo adazisakaniza ndi soul ndi makina a Roland aja nkubadwa chamba cha house. Ku New York, Afrika Bambaataa adatenga maimbidwe a gulu la Kraftwerk la ku Düsseldorf nkuwaika mu "Planet Rock" ya 1982. Kenako house idawolokanso kubwerera ku Ulaya. Ndikafuna kuloza chala kuti gwero lake ndi apa, chalacho chimangoyendayenda pakati pa nyanja.

House itafika ku Ulaya, cha m'ma 1989 mpamene padabadwa Eurodance, ndipo kapangidwe kake kadali kamodzi: kiyibodi yolira mokweza, ng'oma yothamanga, mwamuna wochita rap m'mavesi, mkazi wa mawu amphamvu pakolasi. Eni situdiyo, monga kale, osaoneka. Gulu la Snap! la ku Frankfurt, limene lidagwedeza dziko mu 1990 ndi 1992, lidali la Michael Münzing ndi Luca Anzilotti, koma pazimbale ankadzilemba kuti Benito Benites ndi John "Virgo" Garrett III poopa kuti anthu anyoza nyimbo akadziwa kuti ndi ya Ajeremani. Kutsogolo adaika Turbo B, amene adafika ku Germany ngati msilikali wa America. Ku Belgium, anthu awiri a m'situdiyo adapeza Ray Slijngaard ndi Anita Doth a ku Amsterdam nkuwatcha 2 Unlimited. Kodi munthu amapanga bwanji chinthu chokondedwa ndi dziko lonse koma nkumaopa kulembapo dzina limene adamupatsa makolo ake?

Nkhani ya Technotronic ndiyo imandikhudza kwambiri chifukwa muli ana a kuno ku Africa. Mu 1989 Jo Bogaert wa ku Belgium adajambula "Pump Up the Jam". Amene adaiimba ndi Ya Kid K, dzina lake lenileni Manuela Kamosi, mtsikana wobadwira ku Kinshasa. Koma pachikuto ndi pakanema adaikapo mtsikana wina, Felly, nayenso wochokera ku Congo, amene ntchito yake idali yoonetsa zovala. Iye ankangogwedeza milomo. Nyimboyo idafika pa nambala 2 ku Britain ndi ku America komwe, anthu akuombera m'manja munthu amene sadaimbe. Onse awiri ndi akuda, onse awiri ndi a dziko limodzi. Ndiye woimba weniweniyo adalakwa chiyani? Adachepa kukongola? Adamuyeza ndani? Chaka chomwecho gulu la Black Box la ku Italy lidakhala pa nambala wani ku Britain masabata asanu ndi limodzi ndi nyimbo ya "Ride on Time". Mawu ake adawadula m'nyimbo ya 1980 ya mayi wa ku Chicago, Loleatta Holloway, osamupempha, ndipo pakanema padaimanso mtsikana wina woonetsa zovala.

Zonsezi zidadzaphulika mu 1990, ndipo pakati pake padali Frank Farian yemwe uja. Adatenga anyamata awiri ovina, Rob Pilatus ndi Fab Morvan, nkuwatcha Milli Vanilli, pomwe oimba enieni anali Charles Shaw, John Davis ndi Brad Howell. Mu February chaka chimenecho anyamatawo adalandira mphoto ya Grammy. Mu November Farian adaulula yekha kuti m'chimbalemo sadaimbemo, ndipo mphotoyo adalandidwa. Dziko lonse lidawaseka. Pilatus sadadzukenso bwinobwino, adamwalira mu 1998 ali ndi zaka 32. Farian adapitiriza ntchito, nkudzatchukanso ndi gulu la La Bouche cha m'ma 1995, ndipo adamwalira atakalamba ku Miami mu January 2024. Funso langa ndi la mwana: ngati lidali bodza, bwanji chilango chidagwera amene adatumidwa kunama, osati amene adalipeka? Ndipo bwanji chinthu chomwecho chidaloledwa kwa Boney M zaka zonse zija popanda wokwiya?

Nazonso nyimbo zenizenizo, ukazitsata, zambiri zimakutulutsa mu Ulaya. "Rivers of Babylon", imodzi mwa nyimbo zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Britain, idayamba kuimbidwa ndi gulu la The Melodians ku Jamaica mu 1970, mawu ake ochokera m'buku la Masalimo. Zimbale zoyamba za Boney M za 1978 zidalibe mayina a Brent Dowe ndi Trevor McNaughton amene adaipeka. Adawaonjezera pambuyo pake atakambirana. "Ma Baker" ya Boney M idatengera nyimbo yachikhalidwe ya ku Tunisia. Mu 1981 gululi lidajambula "Malaika" ya Chiswahili. "Lambada" ya 1989, imene idatulukira ku France, idali ya gulu la Los Kjarkas la ku Bolivia, ndipo eni akewo adachita kukasuma kukhoti kuti awazindikire. Kubwerekana nyimbo si mlandu, oimba onse amatero, ndipo kwathu kuno nyimbo ya pamtondo ilibe mwini mmodzi. Koma ndalama zikalowapo, malamulo amati wolandira kwambiri ndi amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye wopeka ndi mwini chimbale. Wovina ndi woimba wolembedwa ntchito amalandira zimene adasainira basi. Kodi anyamata ndi atsikana aja posaina ankadziwa kuti nyimbozo zidzakhala zikulirabe patatha zaka 40?

Pali mmodzi amene nkhani yake imandipatsa mphamvu. Alban Nwapa adachoka ku Nigeria kupita ku Sweden kukaphunzira udokotala wa mano. Kuti apeze ndalama zolipirira sukulu, usiku ankagwira ntchito ya u-DJ m'nyumba ina yovinira ku Stockholm, akumayankhula ndi kuimba pamwamba pa zimbale. Kumeneko adadziwana ndi DJ mnzake, Dag Volle, wodziwika kuti Denniz Pop. Mu 1990 adatulutsa "Hello Africa", ndipo mu 1992 "It's My Life" idamveka ku Ulaya konse mpaka kuno. Dr. Alban ankaimba yekha, ndi mawu ake, ndi katchulidwe ka kwawo kosabisa, nyimbo zina zolangiza achinyamata kupewa mankhwala ozunguza bongo. Anthu adagula. Ndiye ngati zidatheka kwa iyeyu, kubisa anthu kuja kudali kofunikiradi?

Chotsatira chake ndi chimene ambiri sitichidziwa. Achinyamata anayi a ku Gothenburg, a Ace of Base, atamva ntchito za Denniz Pop adamutumizira kaseti yawo. Nkhani imati kasetiyo idakanirira mu wailesi ya m'galimoto mwake, nakhala akuimva tsiku ndi tsiku mpaka adaona chimene angaikonze. Mu 1994 nyimbo yawo ya "The Sign" idakhala pa nambala wani ku America masabata asanu ndi limodzi. Mu situdiyo yake ya Cheiron, imene adaitsegula mu 1992, Denniz adaphunzitsa ntchito mnyamata wina woimba rock, Max Martin. Denniz adamwalira ndi khansa mu 1998 ali ndi zaka 35 zokha, chaka chomwe wophunzira wakeyo adapekera Britney Spears nyimbo imene idamutchukitsa. Kuchokera apo Max Martin wapekera Backstreet Boys, Katy Perry, Taylor Swift ndi The Weeknd, ndipo nyimbo zake zoposa 20 zafika pa nambala wani ku America. Ngakhale magulu a ku South Korea amagula nyimbo kwa opeka a ku Sweden. Ndiye kuti zimene ana athu akumvera pafoni lero nkumati ndi za ku America, zambiri zidaphikidwa ndi munthu amene adaphunzira ntchito ku Stockholm, m'nyumba imene mwini wake adayamba kudziwika chifukwa cha nyimbo za dokotala wa mano wa ku Nigeria. Bwanji zimenezi sizinenedwa?

Mwina sizinenedwa chifukwa anthu ophunzira za nyimbo chamba chimenechi amachipeputsa. Amati ndi nyimbo zamalonda, zopangidwa mofanana, zopanda uthenga. Zoona, zidapangidwa kuti zigulidwe, ndipo zina mawu ake ndi opanda mutu. Koma kodi pali chimbale chimene chidapita kusitolo kuti chisagulidwe? Ndipo kupeka kolasi yoti mlimi wa ku Mchinji, wogulitsa m'sitolo ku Warsaw ndi dalaivala wa ku Manila onse aigwire tsiku limodzi, ndi ntchito yochepa? Ikadakhala yochepa bwenzi aliyense akuichita. Ine nyimbozi ndimazilemekeza. Ndaonapo anthu olemedwa ndi mavuto akumwetulira chifukwa cha izo, ndipo chimwemwe chotero sindingachitche chachabe. Chimene chimandiwawa si malondawo ayi, koma anthu amene adatayika m'kati mwa malondawo: amene adaimba osaoneka, ndi amene adaoneka osaloledwa kuimba.

Makina a nyimbo aja adafikanso kuno kummwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1980 nyimbo za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco ku South Africa zidadalira makiyibodi ndi makina a ng'oma omwewo. M'ma 1990 anyamata a ku Soweto adatenga house nkuichepetsa liwiro, naikamo zilankhulo zawo, nkukhala kwaito, ndipo pambuyo pake kudabwera amapiano. Chakumapeto kwa 2019 Master KG wa ku Limpopo adatulutsa "Jerusalema", woimba wake Nomcebo Zikode. Mu 2020 achinyamata ena a ku Angola adajambula kanema akuivina mbale za chakudya zili m'manja, ndipo dziko lonse lidatengera. Idafika pa nambala wani ku Belgium ndi ku Switzerland, ili m'Chizulu, yosatembenuzidwa. Limeneli ndi yankho la funso langa lija la mnyamata wa ku Dedza, ndipo ndi yankho lokoma. Kumayambiriro kwa 2021 kampani ya nyimbo ya Warner idalembera apolisi ndi mabungwe ena a ku Germany amene adajambula makanema akuvina nyimboyi kuti alipire. Ndalama tsopano zidayamba kuchoka ku Germany kutsata nyimbo ya ku Africa. Koma mu July chaka chomwecho Nomcebo adalengeza poyera kuti sadalandire kalikonse pa nyimboyo, kampani yojambula nkutsutsa, mpaka nkhaniyo idakafika kukhoti. Kodi pamodzi ndi makina aja tidatengeranso khalidwe lija?

Funso lomaliza ndikulipereka kwa inu abale anga a m'masitudiyo a ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi ndi kwina konse kumene kompyuta imodzi ndi maikolofoni zikutulutsa nyimbo zimene tikuvina lero. Mtsikana amene mumamuitana kudzaimba kolasi nkumupatsa ya thiransipoti, dzina lake mumalilemba pati? Mnyamata amene adapanga kagundidwe kaja, pali pepala limene adasaina? Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo, koma lingapereke kwa amene adalembetsedwa okha. Mukamakalembetsa nyimbo, mumatchula mayina angati? Ine sindidziwa mmene mumachitira, nchifukwa chake ndikufunsa. Ndiyankheni.